Mudzi Umene Makanda Salira

1. Mwana wabwino

Kwathu kumadambo a kum'mawa kwa England, mwana wabwino anali mwana wosalira. Mzimayi akafuna kuyamikira khanda la mnzake sankanena za tsitsi kapena za maso. Ankangoti, "Koma ndiye n'kofatsa!" ndipo mwini mwana ankamwetulira ngati wapatsidwa mphatso.

M'chaka cha 1862, pafupifupi nyumba iliyonse ya m'mudzi mwathu inali ndi khanda. Komabe mlendo akanatha kuyenda kuchokera pamlatho mpaka kumapeto kwa ngalande osamva ngakhale "ng'aa" mmodzi. Ankangomva abakha ndi mphepo ya m'bango. Ife tinazolowera, tinkayesa kuti midzi yonse ndi mmene imakhalira.

Chimene chinkagoneka makandawo chinali poyera. Pakashelefu ka pamwamba pa moto, m'nyumba iliyonse, pankakhala kabotolo ka madzi akuda, onanda, otsekemera ngati manyuchi. M'madzimo munali opiamu, utomoni wa duwa la popi. Dzina lake lenileni sitinkavutika nalo, tinkangowatcha Chete.

Hepsy Harlock anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Bambo ake anafa ndi malungo a m'dambo, ndipo amayi ake ankagwira ganyu m'gulu la akazi okumba mbatata ya kachewere. Masiku onse Hepsy ankapita nawo kumunda, mlongo wake wakhanda, Jabez, n'kusiyidwa kwa Mayi Cutlack, mayi wachikulire amene ankasunga makanda a anthu aganyu. Koma sabata imeneyo Hepsy anali atadzitema padzanja ndi chikwakwa. Kapitawo anangoyang'ana nsanza imene anamanga pabalapo n'kunena kuti, "Ine sindilipira dzanja limodzi." Choncho anatsala pakhomo kulera mwana.

Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke, amayi ake anagwedeza botolo lija pafupi ndi khutu.

"Iwe Hepsy, botolo latha. Ndamukokotera madontho omaliza. Ukwere bwato la a Setchell, ukadzazitse kutauni."

"Nanga Jabez?"

"Umutenge. Akuvutitsa chiyani ameneyu? Agona mpaka masana. Akadzuka, supuni imodzi. Wamva?"

"Komatu amayi, dzulo sanadye chilichonse."

"Adya akafuna. Usandichedwetse, kapitawo uja sadikira munthu."

Anafunda shawelo yawo, koma asanatuluke anabwerera n'kupsompsona mwanayo pamphumi. Kabedi kamene Jabez anagonapo kanali ka Dorcas, mng'ono wake wa Hepsy, amene anamwalira ali ndi chaka chimodzi. Anthu ankati anaphedwa ndi mpweya woipa wa m'dambo, ndipo m'nyumbamo dzina lake silinkatchulidwa.

2. Peni pakauntala

Bwato la a Setchell linadzaza ndi azimayi opita kumsika wa ku Wisbech, madengu a mazira ndi a mikunga ali pamiyendo. Hepsy anakhala pathabwa la kutsogolo, mwana ali m'manja.

"Tamuonani mwanayu, anthuni!" anatero mayi wina. "Ngati chidole. Wanga uja akanakhala wotere bwenzi nditanenepa."

"Wako uja ndiye anatengera abambo ake akamachokera kumowa," mnzake anayankha.

"Aa, ndamuonjezera supuni tsopano. Atate ndi mwana, onse amagona ngati zipika!"

Bwato lonse linafa ndi phwete. A Setchell okha sanaseke. Anali nkhalamba yowonda, ya nkhope yachikasu, ndipo ankangokankha bwato ndi mtengo wawo wautali, maso ali pamadzi.

M'sitolo ya mankhwala munali mzere mpaka pakhomo, koma munali zii ngati pamaliro. Umu ndi mmene tinkagulira. Munthu ankangoika peni yake pakauntala osanena kanthu, mwini sitolo n'kumukankhira kabokosi ka timibulu takuda. Ukaikapo ndi botolo, ankalidzaza. Panalibe wofunsa, panalibe wothokoza. Ngakhale amene ankaimba mokweza m'tchalitchi Lamulungu, pakauntala paja pakamwa pankauma. Mpaka lero zimandinyansa ndikakumbuka. Ngati chinthucho chinali chabwino, tinkachiguliranji ngati tikuba?

Hepsy anaika peni ndi botolo monga ankachitira amayi ake. Analandira n'kutuluka.

3. Mawu a a Setchell

Azimayi aja anatsalira kumsika, choncho pobwerera m'bwato munali Hepsy, mwana, ndi matumba a ufa. Atafika pakati pa bango, manja a nkhalamba ija anayamba kunjenjemera. Anaimitsa bwato, natulutsa kabokosi m'thumba, n'kumeza timibulu touma popanda madzi. Kenako anayang'ana mtsikanayo.

"Mwana ameneyu sanagwedeze ngakhale mwendo chichokere kumudzi. Tabwera naye kuno."

"Akugona, agogo."

"Ndikuona kuti akugona. Mutsegule diso."

Hepsy anakweza chikope cha Jabez ndi chala. Mwanayo sanaphethire. Kamwana ka diso kanali katachepa ngati nsonga ya singano.

"Tsopano yang'ana nkhope yake," a Setchell anatero. "Osati monga mlongo wake, yang'ana ngati mlendo. Ndi nkhope ya khanda imeneyo, kapena ndi yanga?"

Hepsy anayang'ana. Masaya anali atalowa, pamphumi pali makwinya, khosi ngati la mwanapiye. Anamufunditsanso msanga.

A Setchell anakhala pansi pathumba la ufa.

"Mdzukulu wanga, undimvere ngakhale ndine chitsiru. Timibulu wandiona ndikumezati ndi madzi ali m'botolo lakolo, mayi wawo ndi mmodzi. Agogo athu akagwidwa malungo ankathyola mitu ya popi kuseri kwa nyumba n'kuwiritsa. Kenako kunayamba kubwera utomoni wakuda pa sitima zapamadzi, wochokera kumayiko otentha. Amasitolo anaona kuti anthu a m'dambo ululu tili nawo wambiri koma dokotala tilibe. Basi anatipezera bwenzi la peni imodzi.

"Ine ndinayamba ndili mnyamata, malungo atandigwira tikukumba ngalande ino. Sindikunamiza, anandithandiza. Ululu umathadi. Munthu wothyoka mwendo, munthu amene akufa ndi chotupa, amenewo mankhwalawa ndi chifundo kwa iwo. Vuto lake n'lakuti ululu ukachoka, iye sachoka. Malungo anandisiya kalekale, koma ine ndikumezabe. Ndinayamba ndi kamodzi, lero chikhatho chodzaza sichindikwana. Ndikapanda kumeza, mafupa amandiluma, mamina chuu, ndimalira ngati mwana. Akuti kumizinda kwabwera mtundu wina woyera ngati mchere, wobaya ndi singano, umene suyambitsa chibaba. Kaya. Ine ndimadziwa kuti njoka ikafundula imakhala njoka yomweyo."

Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Koma ine ndi wamkulu, ndinameza ndekha. Awa amachita kumwetsedwa. Ndipo Chete sapha mwana ngati nkhwangwa ayi. Amangomuchotsera njala. Mwana wogona sapempha bere, ndipo wosapempha sapatsidwa. Amauma pang'onopang'ono, inu muli kalikiliki kumuyamikira kuti ndi wofatsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lina amangogona osadzukanso, anthu n'kumati ndi mpweya wa m'dambo."

"Dorcas anafa ndi mpweya wa m'dambo," Hepsy anatero. Mawu ake anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira.

"Manda athu ali kutsidya, pamtunda," nkhalambayo inayankha mofatsa. "Timabokosi tonse ta m'mudzi uno tadutsa m'bwato muno. Pathabwa wakhalapopo m'pamene ndimatiika. Bokosi la Dorcas ndinalinyamula ndi dzanja limodzi, mwana wanga. Ndinayesa kuti aiwala kuikamo mwana."

Hepsy anadzambatuka pathabwapo, bwato n'kupendama. Anakhala pansi penipeni, pamadzi odontha, atafumbata Jabez.

"Anthu amaopa mizimu yolira," a Setchell anapitiriza. "Ine yanga siilira. Ndikamadutsa m'bango muno ndekha, mbalame zimangoleka kuimba, madzi n'kuleka kuwomba bwato. Pamenepo ndimadziwa kuti andizungulira onse amene ndinawawolotsa. Sanena kanthu. Anaphunzitsidwa bwino kukhala chete."

"Ndiye ndichite chiyani, agogo?"

"Lolemba dokotala wa anthu osauka amabwera kutchalitchi. Upite naye ukamuonetse, akakuuze njira yake. Koma kufika Lolemba ndi nkhondo. Ukapanda kumupatsa supuni, alira mpaka uganiza kuti ukumupha ndiwe. Ukamupatsa, akhala chete, ndipo sindikudziwa kuti thupi limeneli latsala ndi masupuni angati. Ine sindingakulamule. Munthu amene walephera kutaya kabokosi kake angalamule ndani?"

Anatola mtengo wawo n'kuyambanso kukankha bwato.

4. Supuni

Dzuwa litapendeka, Jabez anadzuka. Anayamba ndi kulira kofooka ngati kwa kamwana ka mphaka. Hepsy anatenthetsa mkaka, nanyikamo buledi, n'kumuyandikizira pakamwa. Mwanayo anatembenuza mutu.

"Idyako pang'ono, Jabez. Kamodzi kokha."

Anakana. Kulira kunakula, timanja tikunjenjemera, thukuta lili kamukamu ngakhale m'nyumbamo munali mozizira.

Hepsy anatsitsa botolo pakashelefu. Anazula chotsekera n'kuthira madzi akuda aja m'supuni mpaka kudzaza, monga anauzidwira. Fungo lotsekemera linamveka m'nyumba monse.

Nthawi yomweyo mwana uja analeka kulira. Anatembenuka yekha, natambasula khosi, n'kuyasamula kakamwa kake kuyembekezera supuni. Mwana wokana mkaka, wosadziwa ngakhale kunena kuti "amayi", fungo la Chete ankalidziwa.

Hepsy anaima pomwepo, supuni ili m'dzanja. Kenako anatuluka nayo panja. Kuseri kwa nyumba kunali ngalande yaing'ono ya madzi obiriwira. Anakhuthuliramo supuni ija, nabwerera kukatenga botolo, n'kulipendeketsa mpaka dontho lomaliza. Ankadzidziwa kuti akalisiya pashelefu, kulira kukafika povuta adzalitsitsanso.

Ndipo kunafikadi povuta. Jabez analira mmene khanda linali lisanalirepo m'mudzi mwathu chiyambire kukumbukira kwanga. Anapinda msana, anasanza, anakuwa mpaka mawu kusasa, n'kuyambiranso. Agalu anayamba kuuwa. Nkhalamba zinatuluka m'makomo kudzaona kuti kwagwanji, ndipo ana anaunjikana pazenera.

"Akumutsina!" kamnyamata kena kanakuwa.

"Iwe Hepsy, ulibe supuni m'nyumbamo?" anafunsa bambo wina wa nyumba yoyandikana nayo. "Kapena tikubwereke yathu? Anthu tipumeko, ife!"

Hepsy anatseka zenera. Anayenda naye uku ndi uku, akumuimbira, misozi yake ikugwera pamutu pa mwanayo. Bala la padzanja lija linatsegukanso, magazi n'kudutsa pansanza, koma sanamutsitse.

Chakumadzulo anayesa njira ina. Anaviika kansalu koyera mumkaka n'kukhudzitsa pamilomo ya mwanayo pakati pa kulira. Jabez anakankha. Anayesanso. Kachitatu, milomo ija inagwira nsalu n'kuyamwa. Anameza. Analira, nayamwanso, n'kumezanso.

"Eya, m'bale wanga," Hepsy ananong'ona. "Lira, koma uzidya."

5. Chitseko

Mayi Harlock anamva kulirako ali pamlatho. Anathamanga njira yonse, matope ali mpaka m'mawondo, n'kukankha chitseko.

"Chachitika n'chiyani? Wagwa? Wapsa?"

"Ayi amayi. Wamwa mkaka. Taonani, kapu yafika apa."

Amayi ake sanayang'ane kapuyo. Maso awo anapita pakashelefu.

"Botolo lili kuti?"

"Lili apo."

Analitola n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. Analiyang'ana cham'kati, kenako anayang'ana mwana wawo wamkazi.

"Sunagule?"

"Ndinagula."

"Nanga?"

"Ndathira m'ngalande."

Hepsy anayembekezera pama. Silinabwere. Amayi ake anangokhala pampando pang'onopang'ono ngati munthu wothyoka msana, ndipo m'pamene iye anaona kuti manja awo ankanjenjemera chimodzimodzi ngati a nkhalamba ya m'bwato ija.

"Mwana iwe," anatero ndi mawu otsika, "ukuganiza kuti botolo lija linkatha msanga chifukwa cha kakamwa aka? Ukuganiza kuti ndimawerama m'matope kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa ndi mphamvu ya buledi wouma? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndikapanda kugona sindidzuka, ndikapanda kudzuka kapitawo aika wina, ndipo tonse atatu tikathera kunyumba ya anthu osauka, kumene amalekanitsa mayi ndi ana ake pakhomo pomwe. Zimenezo unaziganiza uli kukhuthula?"

"A Setchell anena kuti..."

"A Setchell! Chidakwa cha timibulu chimenecho chikuphunzitse iwe kulera mwana?"

"Anena kuti bokosi la Dorcas analinyamula ndi dzanja limodzi."

Mayi Harlock anayang'ana kabedi kaja nthawi yaitali.

"Ukuyesa kuti sindikudziwa?" anatero. "Amene anamusambitsa komaliza ndine. Nthiti zake ndinaziwerenga ndi chala ichi."

"Ndiye tisamupatsenso uyu, amayi. Mpaka Lolemba lokha, tikamuonetse kwa dokotala. Ndimunyamula ine usiku wonse. Ndituluka naye panja kuti inu mugone. Chonde."

Thupi lonse la amayi ake linanjenjemera mpaka mano kugundana. Anadzikumbatira okha. Jabez anakuwanso, ndipo iwo anatseka makutu ndi manja onse awiri. Sanali mayi woipa, ndikunena ine amene ndinkawadziwa. Anali mayi wotopa, ndipo kwathu kutopa kunapha ana ambiri kuposa nkhanza.

Pachitseko panamveka kugogoda kofatsa.

"Odi kuno! Amake Hepsy?"

Anali mawu a Mayi Cutlack, mayi wosunga makanda uja. Anali mawu okoma, a munthu amene mudzi wonse unkamuthokoza.

"Ndamva kulira kuchokera kwathu, mtima wandipweteka. Kamwana kanga ka Jabez kazunzikirenji chonchi ife tilipo? Ndati mwina botolo lakutherani. Ndabwera ndi langa, supuni ndatenganso. Titsegulireni, timugoneke, nanunso mupumuleko."

Hepsy anabwerera m'mbuyo mpaka msana wake unagunda khoma. Anamangitsa mikono yake pa mwanayo, amene anali akuyamwabe kansalu ka mkaka kaja pakati pa kulira.

"Amayi," anatero, "musatsegule."

Mayi Harlock anaimirira. Anayang'ana mwana wawo wamkazi, anayang'ana khandalo, kenako anayang'ana manja awo onjenjemera. Lolemba linali kutali, ndipo dzanja lawo linali litagwira kale chotsegulira chitseko.